Masiku 14 a thovu m'botolo: opaleshoni ya phapo lophwa kwa wodwala Edzi

Lipoti ili ndi la bambo wa zaka 34 amene phapo lake lakumanja linaphwa ali pa mankhwala a PCP, chibayo chimene chimagwira anthu amene chitetezo chawo cha m'thupi chatsika kwambiri, ndipo linakana kudzuka ngakhale tinamuika machubu awiri m'chifuwa. Tinamuchita opaleshoni patatha masiku 14 chiikire chubu choyamba. Ndikulemba chifukwa pa masiku amenewo, 9 omalizawo ndinawonjezera ndine, poganiza kuti munthu wofooka chotero sangapirire mpeni. Mwini wake anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe. Dzina lake ndi zonse zomuzindikiritsa ndazisiya.

M'mene anafikira

Anadziwa kuti ali ndi kachilombo ka HIV zaka 6 zapitazo. Anamwa ma ARV zaka 4, ndipo ataona kuti thupi labwerera anawasiya, pamodzi ndi cotrimoxazole, amene ambiri amamudziwa kuti Bactrim. Anabwera kuchipatala atakhala milungu 3 akutsokomola chifuwa chouma, thupi likutentha madzulo, ndipo befu likukulirakulira mpaka ankapumira panjira popita kubafa. Fodya anasiya kalekale.

Pomuyeza, ankapuma ka 34 pa mphindi, okosijeni m'magazi anali 84 peresenti asanamuike pa mpweya, ndipo ankalemera makilogalamu 47. M'kamwa munali zoyerayera za candida. Chodabwitsa kwa amene sanazolowere matendawa n'chakuti pomvetsera m'chifuwa simunkamveka zambiri. PCP imatero: munthu akubanika koma chifuwa chili zii. CD4 inali 38. Xpert ya makhololo ndi LAM ya mkodzo, zoyezera chifuwa chachikulu, komanso CrAg ya magazi, yoyezera fangasi woyambitsa matenda oumitsa khosi, zonse sizinapeze kanthu. X-ray inaonetsa chifunga m'mapapo onse awiri, ndipo kumtunda kwake kunali timabowo tozungulira, ta makoma opyapyala. Timabowo timeneti tinalembedwa mu lipoti la chithunzi, koma palibe amene anatiwerengera ngati chenjezo.

Anzathu a wodi ya matenda a m'thupi anamuyamba cotrimoxazole wamphamvu, wa mlingo wa trimethoprim (gawo limodzi la mankhwalawa) 15 mpaka 20 mg pa kilogalamu iliyonse pa tsiku kwa masiku 21, komanso prednisolone, wochepetsa kutupa, 40 mg kawiri pa tsiku masiku 5 oyamba, kenako 40 mg kamodzi masiku 5, n'kutsiriza ndi 20 mg mpaka tsiku la 21. Pofika tsiku la 3 kutentha kunali kutatsika.

Usiku wa tsiku la 4

Cha m'ma 2 koloko usiku anatsokomola kwambiri, kenako n'kugwira kumanja kwa chifuwa. Namwino anamupeza ali tsonga pabedi, thukuta lili kamukamu, akulephera kumaliza ngakhale liwu limodzi. Okosijeni anali 71 peresenti ali pa mpweya, mtima ukugunda ka 142, BP ili 85/50. Kholingo linali litakankhidwira kumanzere. Kumanja mpweya sunkamveka, ndipo pogogoda pankalira ngati ng'oma. Dokotala amene anali pantchito sanadikire X-ray, ndipo anachita bwino. Anabaya singano yaikulu pambali pa chifuwa, mpweya unatuluka ndi mluzu, BP n'kuyamba kukwera nthawi yomweyo.

Phapo silinamatidwe ku nthiti. Lakutidwa ndi kachikopa kopyapyala kotchedwa pleura, ndipo kachikopa kena kotero kayala mkati mwa nthiti. Pakati pa tiwiriti pali timadzi tochepa, ndipo timagwirana ngati magalasi awiri onyowa: amatsetsereka koma salekana. Mpweya ukangolowa pakatipo, phapo limabwerera mkati n'kuphwa. Imeneyo ndiyo pneumothorax. Bowo likamalowetsa mpweya osautulutsa, umadzadza mpaka kukankha mtima ndi kufinya mitsempha yobweretsa magazi kumtima, ndipo munthu angafe m'mphindi zochepa. Izi ndi zimene zinkamuchitikira.

Chubu tinachilowetsa pamalo a masiku onse, m'munsi mwa khwapa, pakati pa mnofu wa pachifuwa ndi wa kumsana, osatsika kupitirira mzere wa nsonga ya bere, ndipo tinadzera pamwamba pa nthiti chifukwa mtsempha wa magazi ndi wa ululu umayenda kunsi kwa nthiti iliyonse. Tinachilumikiza ku botolo la madzi. Thovu linayamba pomwepo. X-ray ya m'mawa inaonetsa phapo litadzuka theka lokha.

Botolo lili ndi chilankhulo chake, ndipo wophunzira aliyense amene amabwera kwa ine ndimamugwaditsa pansi kuti alimve. Thovu likamatuluka pokhapokha wodwala akatsokomola, bowo ndi laling'ono ndipo likutseka. Likamatuluka nthawi iliyonse akamatulutsa mpweya, bowo ndi lalikulupo. Kwa bambo ameneyu madzi ankabwata ngakhale akungolankhula. Mkazi wake, amene ankamudwazika, anandiuza kuti usiku ankadziwa kuti mwamuna wake akadali moyo pomva phokoso la botolo.

Chifukwa chake phapo limeneli silitseka lokha

Mnyamata wamtali, wowonda, wopanda matenda ena, phapo likamuphwera, nthawi zambiri pamakhala kathuza kamodzi pansonga pa phapo kamene kaphulika. Phapo lonselo limakhala lamoyo, ndipo chubu chikachotsa mpweya, bowo limadzitseka m'masiku ochepa. Kwa wodwala PCP nkhani ndi ina. Kachilombo ka Pneumocystis jirovecii, kamene kale kankatchedwa carinii ndipo kanadziwika mu 1988 kuti n'ka m'gulu la mafangasi, kamadzaza timatumba ta mpweya n'kuolatsa mnofu wa phapo, makamaka kunsi kwenikweni kwa pleura. Pamene paola pamasanduka mphako. Mphako imodzi ikaphulika, m'mbali mwa bowolo mumakhala mnofu wakufa umene sungalumikizane. Phapo lonse limakhalanso louma gwa chifukwa cha chibayocho, motero silifufuma kukafika ku nthiti kumene bowo likanatsamira n'kutsekeka. Ndipo mphakozo zimakhala mbali zonse ziwiri.

Matendawa ndi amene anaulula Edzi ku dziko: lipoti la pa 5 June 1981 la amuna 5 a ku Los Angeles linali la PCP. M'zaka zotsatira, madokotala ambiri ankateteza odwala powapumitsa pentamidine wa nthunzi. Mankhwalawo sankafika bwino kunsonga za mapapo, ndiye matenda ankabisala komweko, ndipo kuphwa kwa mapapo kunayamba kuoneka kawirikawiri. Wodwala wathu sanalandirepo pentamidine. Anangosiya cotrimoxazole wa tsiku ndi tsiku, amene akanamuteteza CD4 itatsika pansi pa 200.

Chifuwa chachikulu chimaboolanso phapo, ndipo chingakhale limodzi ndi PCP mwa munthu mmodzi. N'chifukwa chake sindinakhutire ndi Xpert imodzi. Tinayezanso madzi a m'chubu, ndipo pambuyo pake mnofu weniweniwo.

Masiku a chubu

Tsiku la 6 tinalumikiza botolo ku makina okoka mpweya, pa mphamvu yochepa ya masentimita 10 a madzi, kenako 20. Phapo linakwera pang'ono koma thovu linawirikiza. Pa bowo lalikulu, kukoka kumangoyamwa mpweya umene wodwala akufuna kupuma, n'kusiya bowolo lili yasa. Tinabwerera pa 10.

Tsiku la 7 panachitika ngozi yopeweka. Pomupititsa kukajambulidwa, amene ankamukankha anapana chubu ndi chopanira poopa kuti madzi a m'botolo angabwerere m'chifuwa. Cholinga chinali chabwino. Koma chubu chimene chikutulutsa thovu sichipanidwa, ngakhale kwa mphindi imodzi, chifukwa mpweya wosowa kotulukira umadzipezera njira. Pobwerera kuwodi, khosi, nkhope ndi zikope zinali zitatupa moti maso sankatseguka, mawu atasintha, ndipo ukadina khungu linkalira ngati kapepala ka pulasitiki. Tinamasula chopaniracho ndi kuika chubu chachiwiri, chachikulu, cholozera kunsonga. Sindikuloza chala munthu ameneyo. Ndinali ndisanalembe paliponse kuti chubucho chisapanidwe. Chiyambire tsikulo ndimalemba pa botolo penipeni, ndi zilembo zikuluzikulu, kuti lizinyamulidwa m'munsi mwa chifuwa ndipo lisapanidwe.

Tsiku la 9, thovu litatha masiku 5, anzathu anandifunsa ngati ndingamutengere ku fiyeta. Ndinakana. Zifukwa ndinali nazo, ndipo mpaka lero sindikuziona ngati zopusa. Alubumini, puloteni ya m'magazi imene imatsika thupi likafooka, anali 22 g/L, hemoglobini 8.9, ndipo prednisolone amachedwetsa kupola kwa zilonda. Phapo lakumanzere, limene likanayenera kusenza mtolo wonse pa opaleshoni, linali lodzala chibayo. Ndinadziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha: mankhwala agwire kaye, munthuyo alimbe, mwina bowo litseka lokha. Malangizo a British Thoracic Society a 2010 amati dokotala wa opaleshoni afunsidwe msanga thovu likapitirira masiku 3 mpaka 5, ndipo za wodwala HIV amanena mosapita m'mbali kuti chubu chiikidwe msanga ndipo atumizidwe kwa a opaleshoni msanga. Kufunsidwa ndinafunsidwa pa nthawi yake. Yankho langa ndi limene linachedwetsa zinthu.

Tsiku la 10 tinayesa njira ya magazi ake omwe. Tinatenga 100 ml pamkono n'kuwathira m'chubu nthawi yomweyo asanaundane, kenako n'kukoleka paipi pamwamba pa chitsulo cha diripi kuti magazi akhale m'chifuwa koma mpweya uzitulukabe. Magaziwo amayenera kuundana pa bowo ngati chigamba. Thovu linachepa usiku umodzi, m'mawa linabwerera. Tsiku lomwelo potaziyamu anakwera kufika 5.8 mmol/L, zimene trimethoprim wambiri amachita chifukwa amaletsa impso kumutaya bwino, ndipo zinatitengera masiku awiri kuti atsike. Za talc kapena doxycycline kudzera m'chubu sitinayese mbali imeneyi. Mankhwala amenewa amagwira ntchito potupitsa zikopa ziwiri zija kuti zimatirirane, ndiye sangamate zinthu zimene sizikukhudzana.

Tsiku la 12 anayambiranso ma ARV, a tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, popeza kwa wodwala PCP kuyamba m'milungu iwiri yoyambirira kumapulumutsa kuposa kudikira, ndipo CrAg inali itatichotsera nkhawa ya matenda oumitsa khosi.

Tsiku la 13 phapo lakumanzere nalo linaphwa.

Silinaphwe kwambiri, koma kwa munthu amene ankadalira phapo limenelo, madzi anafika m'khosi. Tinaika kachubu kakang'ono. Mwamwayi bowo la mbali imeneyi linatseka m'masiku awiri ndipo phapo linadzuka lonse, choncho tsiku la 15 tinathira lignocaine, woletsa ululu, m'chubu, kenako doxycycline 500 mg, kuti phapolo limatirire ku nthiti. Ululu wake ndi woopsa ngakhale utapereka mankhwala, ndipo ndi bwino kumuuziratu wodwala. Sikani ya CT ya tsiku la 16 inaonetsa mphako zambiri kunsonga zonse ziwiri, bowo loonekeratu kunsonga yakumanja, ndi chikhungwa chimene chinayamba kukuta phapo lakumanja.

Nditamuonanso tsiku limenelo ndinawerengetsa zimene kudikira kwanga kunagula. Sikelo inali pa 44. Alubumini anali atatsika kufika 20. Miyendo inali itauma chifukwa cha milungu iwiri ya pabedi, madzi a m'botolo anali atayamba kuda ngati otsukira mbale, ndipo pakhungu polowera chubu choyamba panali pofiira. Munthu amene ndinkadikira kuti alimbe ankatha tsiku ndi tsiku.

Kukambirana ndi wodwala

Ndinakhala pampando pafupi ndi bedi, mkazi wake ali pomwepo. Nditafotokoza, anandiyang'ana n'kufunsa, akupumira pakati pa mawu: "Adokotala, munthu wa matenda angawa amang'ambidwa n'kudzuka?"

Ndinati: "Bambo, kachilomboko si kamene kakundiopsa. Chikundiopsa ndi phapo lanu lakumanzere, ngati lingakusungeni pamene tikugwira lakumanja. Mwina mungalephere kuchoka pa makina opumira, ndipo mwina simungadzuke. Koma tikakusiyani chonchi, m'chifuwamu muchita mafinya, ndipo pamenepo sindidzakhala ndi chokuchitirani chabwino."

Mayiwo anafunsa ngati bowolo tikalisoka. Ndinawauza kuti tikayesa, koma chachikulu si kusoka. Tikufuna kuti phapo limatirire ku nthiti, kuti ngakhale mphako ina itadzaphulika, mpweya usapeze pokhala. Anapempha kuti agonere nkhaniyo. M'mawa anasaina.

Mu fiyeta munalinso nkhani ina yoti ikambidwe poyera. Anali atamwa ma ARV masiku 6 okha, ndiye kachilombo kanali kakadali kochuluka m'magazi. Munthu akadzibaya ndi singano yokhala ndi magazi a HIV, mwayi wotenga ndi pafupifupi 3 pa 1,000, ndipo mankhwala a PEP, oteteza munthu wokhudzana ndi kachilombo, oyambidwa pasanathe maola 72 n'kumwedwa masiku 28, amauchepetsanso. Tinavala magolovesi awiriawiri ndi zoteteza maso, zakuthwa tinkapatsirana m'mbale osati pamanja, ndipo tinakumbutsana kuti m'chifuwa chimene chimabaya kwambiri ndi nthiti yosweka. Zonsezi n'zimene tiyenera kuchita kwa wodwala aliyense. Ndimangoona kuti timazikumbukira bwino tikaona zilembo zitatu zija pa fayilo.

Opaleshoni, tsiku la 18

Dzulo lake analandira magazi mabotolo awiri. Kachubu kakumanzere tinakasiya dala, chifukwa makina opumira amakankha mpweya mwamphamvu ndipo akanatha kuphulitsa mphako ina tili mkati mwa ntchito. Dokotala wogonetsa anamupatsa hydrocortisone wowonjezera chifukwa cha prednisolone amene anali akumwa, anapewa suxamethonium, mankhwala ofewetsa minofu amene amakweza potaziyamu, poganizira potaziyamu uja, ndipo anaika paipi ya njira ziwiri m'kholingo kuti azitha kupumitsa phapo limodzi palokha.

Tinayamba ndi kamera, njira ya VATS, kudzera pa timabowo titatu. Sitinapite nayo patali. Phapo lakumanja litangotsekedwa, okosijeni anatsika kufika 82 peresenti m'mphindi 4. Tinalipumitsanso, tinadikira, tinayesa kachiwiri, zomwezo. Kamera imafuna phapo lophwa kuti uone, ndipo wodwalayu sakanatha kukhala ndi phapo limodzi. Ndinaisiya n'kucheka m'khwapa, masentimita pafupifupi 8, kulowa pakati pa nthiti yachitatu ndi yachinayi, osadula minofu ikuluikulu ya pachifuwa ndi kumsana. Kuchokera pamenepo nsonga ya phapo imakhala pamaso pako, ndipo umatha kugwira ntchito phapo likupuma pang'onopang'ono. Tinagwirizana ndi wogonetsa kuti aziimitsa mpweya kwa mphindi imodzi kapena iwiri ndikamupempha, iye akati basi, ine n'kuchotsa manja.

Nsonga ya phapo inali yotuwa, osati yofiirira ngati phapo lamoyo. Bowo linali lokwana nsonga ya chala chamkombaphala, m'mbali mwake muli nyenyenye, ndipo nthawi iliyonse makina akakankha mpweya linkalira. Pozungulira panali mphako zina 4 kapena 5, zina zoonekera mkati. Nditagwira ndi chopanira chofewa kuti ndikweze nsongayo, mnofu unatsalira pa chitsulo. Unali ngati pepala limene lagona m'madzi. Amene wazolowera kusoka phapo la wovulala pa ngozi asayerekeze kusoka ili chimodzimodzi: ulusi umadula mnofu, ndipo pamene singano yadutsa pamasanduka bowo latsopano.

Choyamba ndinasenda chikhungwa chija. Chinali chikadali chofewa, chochoka ndi nsalu yonyowa ndi chala, kupatula malo awiri pamene chinali chitagwira ndipo phapo linang'ambika pang'ono. Likanakhala tsiku la 9, chikhungwa chimenechi sichikanakhalapo. Kenako ndinafufuza ndi zala kutsika kuchokera kunsonga mpaka pamene mnofu unayamba kulimbako, pafupifupi masentimita 3 kunsi kwa bowo, chifukwa sitepula ikaluma pa mnofu woola imangodula. Ndinasenda kachidutswa ka pleura ya ku nthiti n'kukayala pa milomo ya sitepula kuti timawaya tipeze pogwira, n'kudula nsonga yonse pamodzi ndi mphako zake. Kumapeto kwa mzere kunang'ambikabe. Pamenepo ndinasoka kawiri kokha, ndi ulusi woonda wodutsa pa tizigamba ta pleura, n'kumanga mosakoka.

Gawo limene ndinkalidalira linali lotsatira. Ndinasenda pleura ya ku nthiti kuchokera pa nthiti yachisanu kukwera mpaka kudenga la chifuwa, mosamala pafupi ndi mitsempha ikuluikulu ya kunsonga ndi ya m'mbali mwa msana. Kumunsi konse ndinakwecha ndi nsalu youma mpaka panatuluka timadontho ta magazi. Khoma losendedwa chotero limagwira phapo ngati ulimbo. Talc tinali naye koma sindinamuthire. Madzi a m'chifuwa anali akuda kale, ndipo ufa umene sudzachokanso, ukakhala pamalo pamene pali tizilombo, ungasunge mafinya kwa miyezi.

Tinadzaza chifuwa ndi madzi ofunda a mchere, wogonetsa n'kufufumitsa phapo pang'onopang'ono mpaka mphamvu ya masentimita 20 a madzi. Pa mzere wa sitepula panalibe thovu. Pamalo awiri aja panatuluka timathovu ting'onoting'ono. Ndinatisiya. Phapo linali litafika ku nthiti pafupifupi paliponse, kupatula kampata kakang'ono kunsonga, ndipo kulimbana ndi timabowo timeneto kukanangobala tina. Tinaika machubu awiri atsopano kudzera pa khungu latsopano, tinabaya bupivacaine, woletsa ululu, m'mitsempha ya pakati pa nthiti, n'kutseka. Zonse zinatenga maola awiri ndi mphindi 10. Wogonetsa anachotsa paipi ya m'kholingo ali pa tebulo pomwepo, ndipo pa zonse zimene zinachitika tsikulo, chimenechi ndimachiika patsogolo: ola lililonse pa makina opumira likanakhala likukankha mzere umene tangotseka.

Pambuyo pake

Usiku woyamba unali wovuta. Ankafuna okosijeni wambiri ndipo ankaopa kutsokomola. Mankhwala a gulu la ibuprofen tinawapewa chifukwa cha impso, zimene zinali kale ndi cotrimoxazole ndi tenofovir, ndiye tinadalira morphine ndi paracetamol. Tsiku lotsatira anakhala pampando. Thovu linkatuluka pokhapokha akatsokomola. Madzi a m'chifuwa amene tinatumiza ku labu anamera Staphylococcus aureus, amene mosakayika analowa kudzera pa chubu chokhalitsa chija, ndipo analandira mankhwala ake milungu iwiri. Kachubu kakumanzere tinakachotsa tsiku la 20. Tsiku la 21 anamaliza mankhwala a PCP n'kutsikira pa cotrimoxazole 960 mg kamodzi pa tsiku.

Mnofu umene tinadula unaonetsa timatumba ta mpweya todzala zinthu zonga thovu, malo ambiri oola, ndi Pneumocystis wambirimbiri pa utoto wa siliva wa Grocott. Panalibe zizindikiro za chifuwa chachikulu kapena khansa ya Kaposi. Apa m'pamene matenda amene tinkachiza mongoganizira anatsimikizika.

Tsiku la 24 chubu chimodzi chinali chitachoka, koma chotsalacho chinkatulutsabe timathovu. M'malo mwa botolo tinaika valavu ya Heimlich, kachipangizo kamene Henry Heimlich anapanga m'zaka za m'ma 1960: kampira kaphwatalala m'kati mwa kapaipi, kamene kamatseguka mpweya ukamatuluka n'kudzitseka ukafuna kubwerera. Kanamumasula ku bedi. Tsiku lomwelo anayenda mpaka kumapeto kwa khonde, mkazi wake atamugwira mkono. Poyesa ngati bowo latseka tinkaviika nsonga ya valavu m'kapu ya madzi n'kumuuza atsokomole. Tsiku la 28 madzi anangoti bata. Tinachotsa chubu tsiku la 29, ndipo anatuluka tsiku la 31 akulemera makilogalamu 45.

Zimene ndikuona tsopano

Pali chinthu chimene chimandiseketsa pa mbiri ya ntchito yathuyi. Hans Christian Jacobaeus wa ku Stockholm, amene anayamba kusuzumira m'chifuwa ndi chipangizo mu 1910, anadzagwiritsa ntchito njirayo podula zomatirira kuti phapo la wodwala TB liphwe bwino, chifukwa masiku amenewo kuphwetsa phapo dala kunali mankhwala. Norman Bethune anathira talc m'chifuwa mu 1935 pofuna zosiyana, kuti phapo limatirire. Ife tinatengera zida za onse awiri, ndipo mwa wodwala Edzi funso limakhala lakuti tigwiritse chiti, liti.

Chimene chimandiuza njira ndi chimodzi: kodi phapo lafika ku nthiti? Ngati lafika ndipo thovu lasiya kapena likuchepa, mankhwala omatira kudzera m'chubu ndi okwanira, ndipo kwa wodwala PCP sindidikira kuti liphwe kachiwiri. Mbali yakumanzere ya bambo ameneyu inatha choncho. Ngati silinafike ndipo thovu silikusintha pofika tsiku la 5, kudikira sikumulimbitsa munthu. Kumabweretsa chikhungwa, tizilombo ndi kuwonda. Kamera ndi yabwino kwa amene angapirire phapo limodzi, chifukwa ululu umachepa ndipo amadzuka msanga, koma ndi bwino kulowa mu fiyeta utagwirizana kale ndi wogonetsa kuti okosijeni akafika pakuti, tisintha. Ena amatsegula pakati pa chifuwa kuti agwire mapapo onse awiri nthawi imodzi. Kwa munthu wa alubumini 20 amene akumwa prednisolone, ine sindikanafuna kusiya fupa lodulidwa loti lipole.

Sindikunena kuti aliyense apite ku fiyeta. Wodwala amene ali kale pa makina opumira chifukwa cha PCP, phapo n'kumuphwera ali pomwepo, kawirikawiri mathero ake sakhala abwino, ndipo mpeni susintha zambiri. Palinso amene matenda afika nawo patali, kapena amene akana opaleshoni atamva zonse. Kwa amenewa valavu ya Heimlich ndi chifundo chenicheni, chifukwa munthu amatha kupita kwawo ndi kachubu kake m'malo mothera masiku ake akumvetsera botolo. Koma CD4 ya 38 payokha si chifukwa chokanira. Nambala imeneyo imakwera ndi ma ARV, ndipo munthu amene m'zaka zoyambirira za Edzi ankayembekezera miyezi yochepa, lero angakhale zaka makumi. Ine pa tsiku la 9 ndinayang'ana fayilo ndi maso a zaka zimenezo.

Pali chimodzi chimene ndingamuikire kumbuyo dokotala wa tsiku la 9 uja. Pofika tsiku la 18 chibayo chinali chitachepa, ndipo ngakhale choncho wodwalayo analephera kupirira phapo limodzi. N'kutheka kuti pa tsiku la 9 sakanapirira ngakhale kucheka kwa m'khwapa. Koma ndikanayenera kuika tsiku, kunena kuti tikafika pa 11 kapena 12 thovu lili chomwechi tikulowa, n'kuyamba kukonzekera magazi, potaziyamu ndi zakudya zowonjezera ndi tsikulo m'maganizo. Chimene ndinalemba mu fayilo chinali chakuti tipitirize kuona, ndipo mawu amenewo alibe malire.

Anabwera kudzaonedwa patatha milungu 2, milungu 6, ndi miyezi 6. Pa ulendo womalizawu ankalemera makilogalamu 58, CD4 inali 164, ndipo kachilombo sikankaonekanso m'magazi. Cotrimoxazole akumwabe. Amakwera masitepe a nyumba imodzi yosanja osapumira, iwiri ayi. Pa X-ray mphako zakumanzere zachepa, ndipo kunsonga yakumanja kampata kaja kadzala ndi chipsera. Ndinamukumbutsa kuti ululu wadzidzidzi wa m'chifuwa ndi befu si zodikira kuche, ndiponso kuti kusambira kwa pansi pa madzi ndi mabotolo a mpweya si kwake. Dandaulo lake linali limodzi: kunsi kwa khwapa ndi mkati mwa mkono wakumanja kuli dzanzi, moti akamasamba samva madzi. Kamtsempha ka pamenepo kamadutsa ndendende m'njira imene ndinacheka. Ndinamuuza kuti mwina dzanzilo lichepa pakatha chaka, mwina likhala.